Ayisi wa makilo 14 pa chambo cha makilo 200: masamu a kutentha akasokonekera pakati pa joule, calorie ndi Btu

Achemwali anga anafika kwathu m'mawa wina wa Okutobala, dzuwa lisanaswe mtengo, atagwira pepala long'ambidwa m'kope, mwana wawo akutsatira pambuyo nkhope ili ndwii. Iwo amagula chambo kumadoko a cha ku Makawa, ndipo uwu unali ulendo wawo woyamba wotumiza katundu wambiri ku Limbe. Mnyamatayo analemba Fomu 4 chaka chathachi, Physics anakhoza bwino, ndiye anadzipereka kuwerengera ayisi wofunika kuti mayi ake asataye ndalama pachabe.

"Achimwene, taonani izi. Mphwanuyu akuti ayisi wa makilo 14 akwanira chambo cha makilo 200. Ine chiyambireni geni imeneyi sindinazionepo. Nsombazi zikafika pa Liwonde zitayamba kale kununkha."

"Amalume, ndabwereza kawiri konse. Yankho likutuluka lomwelo."

Kuchulukitsa ndi kugawa kwa mnyamatayo kunalibe banga. Chinavuta n'choti manambala ake anachokera m'nyumba ziwiri, miyeso iwiri yosiyana ya mphamvu. Ya nsomba, 0.8, yomwe ndi mphamvu yochotsa pa kilo imodzi kuti izizire ndi digiri imodzi, anaitenga m'kabuku kakale ka zausodzi kolembedwa m'ma kilocalorie. Ya ayisi, 334, yomwe ndi mphamvu imene kilo imodzi imameza posungunuka, anaitenga m'kope lake la kusukulu, ndipo ndi ya ma kilojoule. Anachulukitsa 200 ndi 0.8 ndi madigiri 28 oti nsomba zitsike kufika pa 0°C n'kupeza 4,480, kenako anagawa ndi 334 n'kupeza 13.4, yomwe anaikweza kufika pa 14. Anachita ngati munthu amene wamva mtengo wa thumba la chimanga pa Chiponde osafunsa ngati ndi wa makwacha kapena wa ndalama za ku Mozambique.

Ndaphunzitsa Physics zaka zambiri kuno ku Mangochi, ndipo vutoli silitha. Limabwera ndi ana asukulu, limabwera ndi anyamata okonza mafiliji, limabweranso ndi oyang'anira malo ogona alendo a ku Cape Maclear ofuna kudziwa mayunitsi a magetsi amene giza yotenthetsa madzi imadya. Onsewa ndimawauza chinthu chimodzi: yankho lolakwika musalifufute msanga. Liyerekezeni ndi chimene maso anu akudziwa, muone kuti laphonya kangati. Kukula kwa kuphonyako n'kumene kumaloza pamene pali nthenda, monga mmene makaniko amamvetsera kulira kwa injini ya boti asanamasule nati ngakhale imodzi.

Chimene tikuyeza

M'Chichewa mawu akuti kutentha timawagwiritsa ntchito pa zinthu ziwiri. Supuni ya madzi owira ndi mgolo wa madzi owira zili pa madigiri ofanana, koma mphamvu ya kutentha imene ili mu mgolo ndi yochuluka kwambiri. Madigiri ndi china, mphamvu ndi china. Specific heat capacity, imene timailemba ndi c, ndi chingwe cholumikiza ziwirizi: ndi mphamvu yofunika kuti kilo imodzi ya chinthu ikwere ndi digiri imodzi, kapena imene iyenera kuchotsedwa kuti itsike ndi digiri imodzi. Masana a Novembala mchenga wa kugombe umawotcha mapazi mpaka munthu kuthamanga, pomwe madzi a m'nyanja, pansi pa dzuwa lomwelo, amakhala abwinobwino. Mchenga umangofuna ma joule pafupifupi 800 pa kilo pa digiri, madzi amafuna pafupifupi 4,200.

Lamulo lake ndi Q = m × c × ΔT, kutanthauza kuti mphamvu yonse ndi kulemera, kuchulukitsa ndi c, kuchulukitsanso ndi madigiri amene chinthu chakwera kapena kutsika. Tsono c yo yasenza miyeso itatu nthawi imodzi: wa mphamvu, wa kulemera, ndi wa digiri. Uliwonse uli ndi wakale ndi watsopano wake: pa mphamvu, yakale ndi calorie ndi Btu (British thermal unit), watsopano ndi joule. Zolakwa zonse zimene ndifotokoze zimachokera pa kusintha muyeso umodzi n'kuiwala unzake.

Musanachite chilichonse, funafunani madzi

Buku lililonse, pepala lililonse, tsamba lililonse la pa intaneti limene lili ndi mndandanda wa manambalawa, yambani mwaona mzere wa madzi. Madzi akalembedwa 1, kapena 1.00, dziwani kuti muli m'miyeso yakale. Kaya alemba cal/g°C, kaya kcal/kg°C, kaya Btu/lb°F (lb ndi paundi, °F ndi digiri ya Fahrenheit), nambala yake ndi imodzimodzi, ndipo yonse mumaichulukitsa ndi 4.1868 kuti ikhale kJ/kg·K (K ndi kelvin, digiri yofanana kukula ndi ya Celsius). Madzi akalembedwa 4.18 kapena 4.2, muli mu kJ/kg·K, yomwe ndi chimodzimodzi ndi J/g·K. Akalembedwa 4,186 kapena 4,200, muli mu J/kg·K, muyeso umene ana athu amaugwiritsa ntchito pa mayeso a MSCE.

Ngati madzi mulibe, gwirani chinthu china chodziwika. Aluminiyamu wa mapoto athu ndi 0.215 m'zakale, 900 m'zatsopano. Kopa ndi 0.092 ndi 385. Chitsulo ndi pafupifupi 0.11 ndi 450. Mpweya ndi 0.24 ndi 1,005. Ayisi ndi 0.5 ndi 2,100. Ndimaumiriza zimenezi chifukwa nambala yokha siinena kwawo. Mukaona 0.9 ili yokhayokha, m'buku latsopano ikhoza kukhala aluminiyamu mu kJ/kg·K, m'buku lakale ikhoza kukhala mkaka.

Mabuku ena akale a ku Britain salemba n'komwe muyeso. Amangoti kopa 0.093, basi. Sanaiwale ayi. Kuyambira nthawi ya Joseph Black wa ku Scotland, amene anafufuza nkhanizi cha m'ma 1760, anthu ankayeza chilichonse pochiyerekeza ndi madzi, ndiye 0.093 ikutanthauza kuti kopa amafuna gawo limenelo la mphamvu imene madzi olemera chimodzimodzi amafuna. Calorie inapangidwira pa madzi: galamu imodzi, digiri imodzi ya Celsius. Btu nayo inapangidwira pa madzi: paundi imodzi, digiri imodzi ya Fahrenheit. N'chifukwa chake zonse ziwiri zimapatsa madzi 1. Joule yokha ndiyo sinachokere ku madzi. Inachokera ku ntchito ya kukankha ndi kunyamula, ndipo dzina lake ndi la James Prescott Joule wa ku Salford pafupi ndi Manchester, amene m'zaka za m'ma 1840 ankatakasa madzi ndi timapalasi tozunguliridwa ndi zolemera zolendewera pachingwe n'kumayeza mmene madziwo akufundira. Mu 1948 msonkhano waukulu wa miyeso unagwirizana kuti kutentha kuziyezedwa m'ma joule, ndipo mu 1960 dongosolo la miyeso ya padziko lonse lotchedwa SI linakhazikitsidwa. Mabuku ndi makina akale sanatayidwe tsiku limenelo. Tikadali nawo.

Yankho likaphonya kanayi ndi kachidutswa

Iyi ndiyo nthenda ya mphwanga uja. Yankho likachepa kapena kuchuluka maulendo pafupifupi 4.2, ndiye kuti calorie ndi joule zakumana m'chiwerengero chimodzi. Mankhwala ake ndi kusankha nyumba imodzi n'kukhalamo mpaka mapeto.

M'zakale: 200 × 0.8 × 28 = 4,480 kcal. Kilo imodzi ya ayisi ikamasungunuka imameza 80 kcal. Kugawa 4,480 ndi 80 kukutipatsa makilo 56.

M'zatsopano: 0.8 × 4.1868 = 3.35 kJ/kg·K. Ndiye 200 × 3.35 × 28 = 18,760 kJ. Kilo ya ayisi imameza 334 kJ. Kugawa kukutipatsanso makilo 56.

Njira ziwirizi zikakumana pa nambala imodzi, mtima ukhale pansi. Ndimalangiza aliyense amene akuwerengera chinthu chokhudza ndalama kuti ayende njira zonse ziwiri, chifukwa sizitenga mphindi zisanu. Kusakaniza kwa mbali inayo kuliponso: wina amapeza 18,760 n'kugawa ndi 80, n'kupeza makilo 234, ayisi woposa nsomba zimene. Uyu nsomba zake siziwola, koma phindu lonse lasungunukira m'galimoto.

Yankho likaphonya ndi 1,000

Ili n'losavuta kuligwira chifukwa yankho lake limakhala lachilendo. Ketulo ya 2,000 W yokhala ndi madzi a lita imodzi ndi theka, kuchoka pa madigiri 25 kufika pa 100, imafuna 1.5 × 4,200 × 75 = 472,500 J. Kugawa ndi 2,000 kukupereka masekondi 236, pafupifupi mphindi zinayi, ndipo aliyense wophika tiyi avomereza. Mukaika 4.2 m'malo mwa 4,200, ketulo yanu iwiritsa madzi sekondi isanathe. Onani ngati kilo ya pamwamba ikuyenda ndi kilo ya pansi: kJ ndi kg, kapena J ndi g. Zikapingasana, 1,000 walowa.

Pali misampha ina iwiri pano. Woyamba ndi Calorie ya C wamkulu yolembedwa pa mapaketi a zakudya, yomwe ndi kilocalorie, ma calorie aang'ono 1,000. Wachiwiri umatikhudza kwambiri ife okhala pafupi ndi malire. Ku Mozambique ndi ku South Africa amalemba koma pamene ife timalemba kadontho. Pepala lobwera ndi makina ochokera kumeneko likati 4,186 kJ/kg·K likutanthauza 4.186, osati zikwi zinayi. Werengani manambala ena a papepalalo, muone ngati pali 0,5 kapena 1,8, mudziwiretu kalembedwe kawo.

Mukaphatikiza 32 kapena 273 pamalo posayenera

Apa ndi pamene ndimathera nthawi yambiri m'kalasi, chifukwa wolakwayo amakhala wotsimikiza kuti watsata lamulo. Anaphunzira kuti Celsius posanduka Fahrenheit timachulukitsa ndi 1.8 n'kuphatikiza 32, ndipo posanduka kelvin timaphatikiza 273. N'zoona, koma lamulo limenelo ndi la pamene thermometer yaima. Mu Q = m × c × ΔT sitifunsa pamene yaima, timafunsa mtunda umene yayenda. Kuchoka ku Mangochi boma kupita ku Monkey Bay mtunda ndi womwewo, kaya mwayambira kuwerenga makilomita anu ku Blantyre kaya ku Liwonde. 32 ndi 273 zimangonena poyambira kuwerenga.

Nsomba kutsika kuchoka pa 28°C kufika pa 0°C zayenda madigiri 28 a Celsius, omwe ndi ma kelvin 28 ndendende. M'Fahrenheit zachoka pa 82.4 kufika pa 32, mtunda wa 50.4, womwe ndi 28 × 1.8 popanda kuphatikiza kanthu. Wogwiritsa ntchito 82.4 yankho lake limakwera ndi theka n'kupitirira. Wophatikiza 273 amapeza 301, ndipo chambo chija chimafuna ayisi wa makilo 600. Choncho J/kg°C ndi J/kg·K ndi chinthu chimodzi, palibe chosintha. Chizindikiro cha nthenda iyi n'choti kuphonya kwake sikukhazikika: lero kakhumi, mawa katatu, malinga ndi madigiri a funsolo. Mukaona kuphonya kosakhazikika chotero, pitani msanga pa ΔT. Njira yotetezeka ndi kusintha madigiri oyambira paokha, omalizira paokha, kenako n'kuchotsera.

Btu ikakana kutuluka 4,186.8

Anyamata a mafiliji ndi zoziziritsa m'nyumba amakumana ndi Btu tsiku ndi tsiku, chifukwa mabuku ambiri a ntchito yawo ndi a ku America. Ena safuna kungoloweza 4.1868, amafuna kuipeza okha, ndipo ndimawayamikira. Btu imodzi ndi 1,055.06 J. Paundi imodzi ndi 0.45359 kg. Digiri imodzi ya Celsius ndi madigiri 1.8 a Fahrenheit. Gawani 1,055.06 ndi 0.45359, mupeza 2,326. Chulukitsani ndi 1.8, mupeza 4,186.8.

Mukapeza nambala ina, nayi nkhani yake. 2,326 ikutanthauza kuti mwaiwala Fahrenheit. 1,899 ikutanthauza kuti mwaiwala paundi. 861 ikutanthauza kuti mwachulukitsa ndi 0.45359 m'malo mogawa. Yofala kuposa zonse ndi 1,292, yomwe imabwera munthu akagawa ndi 1.8 m'malo mochulukitsa.

Chifukwa chochulukitsira chimasokoneza ngakhale akuluakulu, ndiye ndimachifotokoza ndi usipa wa pamsika. Tinene kuti beseni limodzi limadzaza ndi mbale zazikulu 5, kapena timbale ting'onoting'ono 9. Mukadziwa mtengo wa kambale kakang'ono, mtengo wa mbale yaikulu uyenera kukwera, chifukwa mbale yaikulu imodzi imalowa timbale 1.8. Digiri ya Fahrenheit ndiyo kambale kakang'ono: pakati pa kuundana ndi kuwira kwa madzi pali 180, pomwe a Celsius alipo 100. Mphamvu ya pa digiri yaikulu iyenera kuposa ya pa digiri yaing'ono. N'chimodzimodzi ndi paundi: kilo ndi yaikulu, imalowa mapaundi 2.2, ndiye nambala ya pa kilo iyenera kukwera. Musanakanikize batani la kakyuleta, dzifunseni kaye ngati yankho liyenera kukwera kapena kutsika.

Msampha wa 144

Uwu umagwira anthu amene aphunzira bwino zonse zapamwambazi. Aloweza kuti nambala ya Btu ndi ya calorie n'zofanana, ndipo aiwala kuti kufananako kulipo pokhapokha digiri ili pansi. Mphamvu yosungunulira ayisi, imene m'kalasi timati latent heat, ilibe digiri, chifukwa ayisi amasungunuka ali pa 0°C pomwepo osakwera. M'ma calorie ndi 80 cal/g, koma m'ma Btu ndi 144 Btu/lb. Onani kuti 144 ndi 80 × 1.8. Ya cal/g mumachulukitsa ndi 4.1868, ya Btu/lb mumachulukitsa ndi 2.326, ndipo zonse zimafika pafupi ndi 334 kJ/kg. Wochulukitsa 144 ndi 4.1868 amapeza 603, n'kuganiza kuti ayisi wake ndi wamphamvu pafupifupi kawiri, n'kugula makilo 31 m'malo mwa 56. Kuphonya kwa 1.8 kulikonse, yang'anani apa kapena pa Fahrenheit. Kwa madzi osanduka nthunzi manambala ake ndi 540 cal/g, 970 Btu/lb ndi 2,260 kJ/kg.

Pa makina oziziritsa m'chipinda mumaona 9,000 BTU kapena 12,000 BTU. Imeneyo ndi Btu pa ola, ngakhale salemba. 12,000 Btu pa ola ndi 3.5 kW, ndipo a ku America amaitcha tani imodzi chifukwa ndi mphamvu yosungunulira ayisi wa mapaundi 2,000 m'maola 24: chulukitsani 2,000 ndi 144, gawani ndi 24, muipeza.

Galoni ya ndani?

Yankho likaphonya ndi gawo limodzi mwa magawo asanu, funsani za galoni. Ya ku Britain, imene makolo athu ankagulira parafini, ndi malita 4.546, ndipo madzi ake amalemera mapaundi 10. Ya ku America ndi malita 3.785, madzi ake mapaundi 8.34. Mgolo wachitsulo wa malita 200 womwewu, wina amautcha wa magaloni 44, wina wa magaloni 55. Sinthani magaloni akhale malita poyambirira penipeni, ndipo lita ya madzi muitenge ngati kilo. Mafuta ophikira sali choncho: lita yake ndi pafupifupi 0.92 kg, ndipo c yake ndi pafupifupi theka la ya madzi.

4.184, 4.1868 kapena 4.2?

Funsoli limabwera kawirikawiri, koma si loti munthu n'kusowa nalo tulo. Ma calorie alipo angapo chifukwa madzi enieniwo sakhazikika: pafupi ndi 0°C amafuna 4.22, cha m'ma 35°C amatsika kufika 4.18, powira amakweranso kufika 4.22. Akatswiri a Chemistry anasankha 4.184. Akatswiri a nthunzi, pamsonkhano wawo wa ku London mu 1956, anakhazikitsa 4.1868, ndipo iyi ndiyo imagwirizana ndendende ndi Btu ya m'mabuku a mainjiniya. Palinso ya pa 15°C, pafupifupi 4.1855. Pa ayisi wa makilo 56, kusiyana kwa 4.184 ndi 4.1868 ndi magalamu pafupifupi 40, amene amasungunuka mukamakambirana mtengo. Wophunzira agwiritse ntchito nambala imene funso lapereka, ikakhala 4,200 ndi yomweyo. Yankho lanu likasiyana ndi la mnzanu pa nambala yachitatu, palibe walakwa.

Kuli mabuku a Chemistry amene amapereka madzi 75.3 kapena 18, ndipo zitsulo zambiri pafupifupi 25 kapena 6. Amenewo ndi a pa mole, muyeso wa Chemistry wowerengera timagawo ting'onoting'ono ta chinthu, osati pa kilo. Gawani ndi kulemera kwa mole imodzi: 75.3 kugawa ndi magalamu 18 ndi 4.18.

Mayunitsi a magetsi

Yuniti imodzi imene timagula ndi kWh imodzi, yomwe ndi 3,600 kJ, kapena 860 kcal, kapena 3,412 Btu. Giza ya malita 150 yotenthetsa madzi kuchoka pa 25 kufika pa 60 imafuna 150 × 4.186 × 35, pafupifupi 21,980 kJ, ndiwo mayunitsi 6.1. Pano miyeso yakale imapepuka, ndipo ine ndimaikonda pa ntchito ya madzi: 150 × 35 = 5,250 kcal, kugawa ndi 860, mayunitsi 6.1 omwewo, osafuna kakyuleta. Musachite manyazi kuigwiritsa ntchito, bola mukhale m'menemo mpaka kumapeto.

Miyeso ili bwino koma zochitika zikukana

Nthawi zina mumafufuza zonsezi osapeza cholakwa, koma filiji ikulepherabe kuumitsa nsomba pa nthawi imene munawerengera. Apa vuto lachoka pa kusintha miyeso, lapita pa c yeniyeniyo.

Mnyamata wina wokonza mafiliji kuno anabwera ndi nkhani ya kampango wa makilo 50 woti aundane kufika pa -18°C. Anawerengera 50 × 3.35 × 46 n'kupeza 7,705 kJ, koma makina ankatenga nthawi yoposa kawiri imene iye ankayembekezera, ndipo mwini katundu anayamba kumukayikira kuti gasi sanathire wokwanira. Nambala ya 3.35 imagwira ntchito nsomba isanaundane basi. Ulendowu uli ndi zigawo zitatu. Kuchoka pa 28 kufika cha pa -1°C, pamene nsomba imayamba kuundana: 50 × 3.35 × 29, pafupifupi 4,860 kJ. Kuundana kwa madzi a m'nsombamo, tikati ndi magawo 75 pa 100 alionse: 250 kJ pa kilo, zonse 12,500 kJ. Kenako kutsika kufika pa -18 ndi c ya nsomba youndana, pafupifupi 1.8: ma kJ ena 1,530. Zonse pamodzi ndi pafupifupi 18,900 kJ. Chigawo chapakati, chimene iye anachidumpha, ndicho chachikulu kuposa ziwiri zinazo kuziphatikiza.

Ngati chakudya chanu sichili pa mndandanda uliwonse, pali njira yakale ya Siebel ya mu 1892 imene imathandizabe. Tengani kuchuluka kwa madzi pa 100, chulukitsani ndi 0.008, phatikizani 0.2, mwapeza c ya chakudya chosaundana m'miyeso yakale. Kwa choundana chulukitsani ndi 0.003 m'malo mwa 0.008. Nsomba ya madzi 75 pa 100 imatuluka 0.8 ndi 0.425. Kumbukirani kuti zimenezi ndi za Btu/lb°F, zifunika 4.1868 uja. Usipa wouma wa pathandala uli ndi madzi ochepa, ndiye c yake ndi yotsika kwambiri kuposa ya wauwisi.

Chinanso ndi kutentha kothawa. Amayi ofutsa usipa akamawiritsa madzi a theka la mgolo, malita 100, masamu amati pakufunika pafupifupi 30,000 kJ, mphamvu imene ili mu nkhuni zouma za makilo awiri okha. Aliyense amene anaimapo pa mafuwa amenewo mwera ukuwomba akudziwa kuti mtolo umatha. Masamu sananame, amangonena zimene zalowa m'madzi. Zambiri zapita ndi utsi, ndi mphepo, ndi chitsulo cha mgolo, ndi nthaka. Kuphonya kwa mtundu uwu kumalowera mbali imodzi nthawi zonse: zenizeni zimadya zambiri kuposa pepala. Pepala likamafuna zambiri kuposa zenizeni, bwererani ku miyeso.

N'chifukwa chake makilo 56 aja sindinawapereke kwa achemwali ngati yankho lomaliza. Amenewo ndi ongotsitsa nsomba kufika pa 0°C, osawerengera bokosi lofunda, dzuwa la mumsewu wa Liwonde ndi Zomba, kuima pa malodibuloko, ndi kudikira ogula ku Limbe. Iwo ananena kuti pa ulendo wotero sanganyamuke ndi ayisi wochepera makilo 100, ndipo ndinawavomereza, chifukwa gawo limenelo amalidziwa kuposa ine. Mphwanga ndinamukhazika pakhonde kuti alembenso chiwerengero chake, nambala iliyonse ndi muyeso wake wonse pambali, 0.8 kcal/kg°C, 334 kJ/kg, n'kumafufuta miyeso yofanana pamwamba ndi pansi. Atafika pogawa anaima yekha, cholembera chili m'mwamba.

"Amalume, kcal ndi kJ sizikufufutana."

Madzulo ake anathandiza mayi ake kuswa ayisi ndi hamala m'thumba la saka mpaka kukhala tizidutswa, chifukwa chibuluma chachikulu chimangoziziritsa nsomba imene chaigunda. Anayala ayisi pansi pa bokosi, nsomba pamwamba pake, ayisi, nsomba, mpaka kudzaza, n'kumalizira ndi ayisi pamwamba, ndipo anatsegula kabowo ka pansi kuti madzi osungunuka azituluka.